Batire la N70 lafa m'miyezi itatu: ndigule lotani pa boti langa?

Ndalandira imelo yochokera kwa bambo wina wa ku Senga Bay, ku Salima, ndipo ndaifupikitsa chonchi. Ali ndi boti lamatabwa ndi injini ya petulo ya 15 HP yoliza ndi chingwe. Mwana wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg anawatumizira mota yamagetsi ya Minn Kota, yolembedwa 55 lb (mphamvu yake yokankhira boti) ndi 12V, kuti aziyenda nayo pang'onopang'ono pokoka nyambo ya ncheni cha ku Namalenje, popanda phokoso komanso osawotcha petulo. Anagula batire la galimoto la N70, ndipo akapita usiku amalumikizaponso mababu anayi a LED. Patangopita miyezi itatu, batire lija linayamba kutha moto theka la ola lisanakwane. Akufunsa kuti: "Kodi anandigulitsa lachinyengo? Nanga ndikafuna kugula lina, ndigule lotani?"

Zikomo bambo polemba. Wakusitolo musamukwiyire msanga. Batire lija mwina linali labwinobwino, kungoti munalipatsa ntchito yosakhala yake.

Mukatsegula batire la galimoto mupezamo timapuleti ta mtovu tambirimbiri, topyapyala, tomizidwa mu asidi. Analipanga choncho kuti lizitulutsa moto wambiri nthawi imodzi, kwa masekondi atatu kapena asanu, injini n'kulira. Ikalira, alternator, kachipangizo ka pa injini kotchaja batire, imabwezera nthawi yomweyo kamoto kochepa kamene kachoka. Ndiye kuti moyo wake wonse batire la galimoto limakhala lodzaza. Mukamalikama mpaka pansi usiku uliwonse, mankhwala amene amamatira pa timapuleti tija amayoyoka n'kumakaunjikana pansi, ndipo pakangopita maulendo makumi angapo limakhala latheratu. Miyezi itatu yanuyo ikugwirizana ndendende ndi zimenezi. Batire limene mota yanu ikufuna ndi lolembedwa deep cycle. Ilo mapuleti ake ndi ochepa koma ochindikala, opangidwira kutulutsa moto pang'onopang'ono kwa maola ambiri n'kudzazidwanso mobwerezabwereza. La galimoto lili ngati anyamata okankha minibasi yokana kulira, mphamvu zambiri kwa kamphindi, pomwe la deep cycle ndi wakabaza amene amapalasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Popeza injini yanu ndi yachingwe, batire loliza injini simukulifuna n'komwe. Manambala a CCA kapena MCA amene amalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pambali, aja amanena za mphamvu yoliza injini kunja kukuzizira, moti CCA amaiyeza pa -18°C. Ku Senga Bay nambala imeneyo ilibe nanu ntchito. Amene ali ndi injini yoliza ndi kiyi ndiwo akufunika batire lolizira, ndipo likhale lapalokha, losakhudzana ndi mota kapena nyali, kuti zina zonse zikatha moto injini izilirabe.

Nambala yanu ndi Ah, imene imanena kuchuluka kwa moto umene batire limasunga: ma amp (A) amene lingatulutse, kuchulukitsa ndi maola. Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pamene anthu ambiri ndalama zawo zimalowera m'madzi.

Batire lolembedwa 100Ah nthawi zambiri amaliyeza pa maola 20, kutanthauza kuti lingatulutse 5A kwa maola 20. Munthu akhoza kuganiza kuti ndiye litulutsa 50A kwa maola awiri. Ayi ndithu. Batire la mtovu mukalikoka mwamphamvu limapereka zochepa kuposa zimene linalembedwa. Kuwonjezera apo, ngakhale la deep cycle silifuna kutsitsidwa kupitirira theka ngati mukufuna kuti likutumikireni zaka. Choncho pa 100Ah paja, zanu zenizeni ndi 50Ah.

Tsopano tiwerengere usiku wanu. Mota ya 55 lb mukaitsegula mpaka pamapeto imadya pafupifupi 50A, ndiye 50Ah zija zitha ola lisanakwane. Pa liwiro lapakati, lokokera nyambo, tiyeni tiike 20A. Maola awiri ndi 40Ah. Mababu anu anayi, ngati lililonse ndi la 10W, onse pamodzi ndi 40W, ndipo mukagawa ndi 12V mupeza 3.3A. Akayaka maola asanu ndi atatu, ndi 27Ah. Phatikizani: 67Ah. N70 yanu ija ndi ya pafupifupi 70Ah yonse. Mwaona? Munkaipsinja mpaka dontho lomaliza tsiku ndi tsiku. Ngakhale mukanagula deep cycle ya 100Ah, ntchito ziwirizi pa batire limodzi zikanapitirirabe theka lija.

Yang'ananinso chogwirira cha mota yanuyo. Ngati chimadumpha masitepe asanu kutsogolo ndi atatu kumbuyo, dziwani kuti mtundu umenewo pa liwiro lotsika umataya moto wina ngati kutentha chabe, moti kuchepetsa liwiro sikupulumutsa batire monga mungayembekezere. Zija zopotokola mosalala popanda masitepe ndizo zimasunga moto kwambiri poyenda pang'onopang'ono.

Malangizo anga ndi akuti mugule mabatire awiri osalumikizana. La mota likhale deep cycle ya 100Ah mpaka 120Ah. Ngati kabuku kamene kanabwera ndi mota kakunena za Group 27 kapena Group 31, amenewo ndi masaizi a ku America ofanana ndi zimenezi. La nyali likhale laling'ono, la 60Ah kapena 70Ah, deep cycle ndithu. Mota ikadya moto wake wonse, nyali zizikhalabe zikuyaka, ndipo anzanu a chilimira odutsa ndi injini mumdima azikuonani.

Pa mitundu ndithamangapo. Pali lamadzi, lokhala ndi zitsekero zothirira pamwamba. Ndilo lotchipa ndipo limapirira nkhanza, koma limafuna kuliyang'anira, ndipo boti likapendekeka asidi amatayika n'kudya matabwa ndi zovala. Pali AGM, lotsekedwa, limene asidi wake ananyowetsedwa mu ulusi wagalasi. Silitayika, silisamala kugwedezeka kwa mafunde, ndipo pa boti ndilo ndimalikonda mwa a mtovu onse. Pali gel, lija limagulitsidwa kwambiri m'masitolo a sola. Pa nyali ndi labwino, koma limawonongeka msanga likatchajidwa ndi voteji yokwera, ndipo tchaja wamba wa galimoto amalipha mwakachetechete. Palinso ena olembedwa "dual purpose", oti amagwira ntchito zonse ziwiri. Amagwiradi, koma palibe imene amaigwira bwino kwenikweni.

Ndiye pali lithium, mtundu wa LiFePO4. Kunena zoona, pa ntchito ndi mfumu. La 100Ah limalemera pafupifupi makilogalamu 12, pamene la mtovu la 100Ah limafika 28 kapena 30. Amene ananyamulapo batire kuchoka padoko kupita kunyumba mumchenga wotentha wa mu Okutobala akudziwa kusiyana kwake. Mukhoza kugwiritsa ntchito 80Ah kapena 90Ah mwa 100Ah zija osaliwononga, ndipo limapirira kudzazidwa maulendo masauzande, pamene la mtovu ndi mahandiredi chabe. Mtengo wake ndi wowirikiza kangapo, koma kwa msodzi wopita panyanja tsiku lililonse limabweza ndalama zake. Lili ndi makhalidwe awiri oyenera kuwadziwa. M'kati mwake muli kachipangizo kotchedwa BMS kamene kamadula moto kakaona kuti batire latsika kapena likukokedwa mopitirira. La mtovu limafooka pang'onopang'ono, mumamva mota ikulefuka n'kudziwa kuti ndi nthawi yotembenuka. La lithium limakoka mwamphamvu mpaka mphindi yomaliza, kenako zii. N'chifukwa chake ngakhale mutagula limeneli, nyali zikhalebe pa batire lawo. Chachiwiri, BMS ija ikhale ya 100A. Ena otchipa ali ndi ya 50A, ndipo mota yanu ikangokoka mokwanira amadula. Mwana wanu akafuna kukutumizirani kuchokera ku South Africa, ayang'ane nambala imeneyo papepala la batire, agulenso tchaja wake wa lithium.

Koma bambo, funso lalikulu kuposa mtundu wa batire simunandifunse: muzilitchaja kuti, ndipo ndi chiyani? Mabatire ambiri a kunyanja amafera kumtunda. Batire la mtovu likakhala losadzaza, pamapuleti pamamera timiyala toyera ta sulphate, ndipo tikauma sitisungunukanso. Kulisiya masiku atatu lili theka chifukwa magetsi azima kapena chifukwa mwezi wawala ndipo simukupita kunyanja, ndiko kulifupikitsira moyo. Likangotsika m'boti lipite pa tchaja tsiku lomwelo, ndipo lidzaze mpaka pakamwa.

Kumalo otchajira a pamsika kuli vuto lake. Mabatire amangondandalikidwa pa tchaja mmodzi wopanda chowongolera, ndipo mwini wake amachotsa lanu pakafika kasitomala wina, osati likadzaza. Tchaja woyenera batire la 100Ah ndi wa 10A mpaka 15A, wodzichepetsa yekha batire likamadzaza, ndipo kubwezera 50Ah kumatenga maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo chifukwa chigawo chomaliza chimalowa pang'onopang'ono. Ngati mukudalira sola, panelo ya 100W imapereka 5A kapena 6A dzuwa likaswa mtengo, ndipo pa tsiku labwino imasonkhanitsa 25Ah mpaka 30Ah. Pa 67Ah zanu zija mukufunika mapanelo okwana 250W kapena 300W, odutsa pa charge controller, kachipangizo kowongolera moto wolowa m'batire. Kulumikiza panelo mwachindunji ku batire kumaliphika, madzi n'kuuma. Ngati thumba silikulola mapanelo otero, ndibwino kuchepetsa maola a mota kusiyana n'kugula batire lalikulu limene simudzalidzazapo. Batire la 200Ah pa panelo ya 100W limakhala ndi njala mpaka kufa.

Gulani multimeter, kamita koyezera voteji. Ndi yotchipa poyerekeza ndi zimene ingakupulumutsireni. Batire la mtovu likapuma maola angapo osalumikizidwa ku chilichonse, 12.6V kapena 12.7V ndiye kuti ladzaza, 12.2V ndi theka, ndipo 12.0V ndiye kuti mwapitirira malire. Mupite nayo kusitolo komwe. Batire latsopano likamaonetsa pansi pa 12.4V, lakhalitsa pashelefu osatchajidwa, ndipo lakalamba musanaligwiritse ntchito. Mulinyamulenso. Mtovu ndi wolemera, ndipo bodza la pa sitika silingabisike pa sikelo. Batire la mtovu lolembedwa 100Ah koma lolemera makilogalamu 15, lisiyeni pomwepo. La lithium multimeter siithandiza kwenikweni chifukwa voteji yake imakhala pamodzimodzi pafupifupi mpaka kumapeto. Ilo limafuna kamita kowerengera moto wolowa ndi wotuluka.

Kutentha nakonso kumadya batire. Opanga amawerengera moyo wake pa 25°C, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 kuposa apo, moyo wa batire la mtovu umadulidwa pakati. Kunyanja kuno mu Okutobala ndi Novembala mukudziwa nokha. Musalisiye m'boti padzuwa masana onse. Lamadzi muziliyang'ana milungu iwiri iliyonse nyengo yotentha, ndipo mapuleti akayamba kuonekera thiranimo madzi a batire ogula m'botolo aja. Osati a m'nyanja, osati a pamjigo, ndipo osawonjezera asidi, ngakhale amakanika ena amatero. Potchaja limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika, choncho musatchajire m'chipinda chogona kapena pafupi ndi mbaula.

M'botimo, batire likhale m'bokosi lapulasitiki lomangidwa ndi lamba, pamwamba pa pamene madzi olowa amafika, komanso kutali ndi chigubu cha petulo. Zopanira zija zooneka ngati kamwa ya ng'ona zichotseni, mumange mawaya ndi manati. Pa 50A chopanira chogwedera chimatentha mpaka kusungunula pulasitiki, ndipo kamoto kamodzi kothetheka pafupi ndi petulo n'kokwanira. Pa waya wofiira, pafupi ndi batire, ikani circuit breaker ya 60A, yodula moto yokha ukapitirira muyezo. Mukafuna kuwonjezera utali wa mawaya, gulani ochindikala a 16 mm², osati a magetsi a m'nyumba. Mwayi wathu ndi woti madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere, ndiye dzimbiri silithamanga ngati ku Beira kapena Durban, komabe kupaka girisi pang'ono pamitu ya batire kumathandiza. Mukadzaganiza zophatikiza mabatire awiri pa mota, akhale ofanana mtundu, kukula ndi msinkhu, ndipo alumikizidwe wofiira ku wofiira, wakuda ku wakuda. Mukawalumikiza motsatizana, wofiira wa lina ku wakuda wa linzake, mupanga 24V, ndipo mota yanu ya 12V ipsa.

Pali china chimene simunafunse koma sindingachisiye. Opanga mamota amenewa amawerengera 2 lb za mphamvu pa 100 lb zilizonse za kulemera kwa boti, ndiye 55 lb ingakankhe boti la makilogalamu pafupifupi 1,200 pamodzi ndi anthu ndi katundu, pamadzi odekha, pa liwiro la munthu woyenda pansi. Mwera ukayamba kuwomba, monga umachitira kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kamota kameneka sikangalimbane ndi mafunde, ndipo batire mukalikakamiza litha pakati pa njira. Petulo wobwererera akhalemo m'thanki nthawi zonse, nkhafi nazonso zisatsale kunyumba.

N70 yakufayo musaitaye m'nyanja, ndipo musalole ana kapena anyamata a padoko kuiswa kuti asungunule mtovu womangira pa ukonde. Utsi ndi fumbi la mtovu zimawononga ubongo wa ana, ndipo sizichoka m'thupi msanga. Ogula zitsulo zakutha amagula mabatire akale pa sikelo, ndipo masitolo ena amachotserako mtengo mukawapatsa lakale pogula latsopano. Ndalama imeneyo ikwanira multimeter ija.