Mwafunsa: Bwanji zigawenga sizitha pomwe adani awo ali ndi zida zoopsa?

Funso: Akulu, ine chimandizunguza mutu n'choti America ili ndi ndege zankhondo, mabomba, ndalama zosayamba, koma inakhala ku Afghanistan kuyambira 2001 n'kudzachokako 2021 a Taliban akulowa mu Kabul, likulu la dzikolo, ngati palibe chinachitika. Anthu amenewa mphamvu ankazitenga kuti, bwanji sanatope? Ndine wowerenga wanu.

Yankho: Zikomo achimwene. Msilikali wachilendo ali ndi kwawo kobwerera, pomwe uyo akulimbana nayeyo ali kwawo kale, alibe kwina kolowera. Ndiye chigawenga sichilimbana n'zoti chipambane lero ayi, bola chisathe basi, chizingodikira kuti kwawo kwa mlendoyo anthu atope n'kulandira maliro a ana awo komanso kuona misonkho ikuthera kunkhondo yakutali. Soviet Union zinaichitikira ku Afghanistan komweko, inalowa 1979 n'kutuluka 1989, France nayo ku Algeria inalimbana ndi FLN, gulu lomenyera ufulu wa dzikolo, kuyambira 1954 mpaka inagonja 1962.

Koma kwa ine chachikulu ndi chipongwe. Tangoganizani asilikali osamva n'chilankhulo chanu chomwe athyola chitseko pakati pausiku, amugoneka bambo wa pakhomo chafufumimba ana akuona, akusecha mpaka zovala za amayi, kenako amutenga osanena kopita, mnyamata amene waona zimenezo safunika wina womulalikira ndale, mawa lake akafunsa yekha komwe kuli anzake a mfuti. Ku Iraq mu 2003 Paul Bremer, yemwe America inamuika kuyendetsa dzikolo, anathetsa gulu lonse lankhondo la Iraq, asilikali miyandamiyanda n'kungouzidwa kuti ntchito yatha, anthu odziwa kuombera, odziwanso komwe kuli nkhokwe za zida, mumati apite kuti? Mu 2004 kunatulukanso zithunzi za akaidi akuzunzidwa ali mbulanda kundende ya Abu Ghraib, apo ndiye zigawenga zinapeza anthu mosavuta.

Pamafunikanso kobisala ndi ndalama. A Taliban ankaoloka malire kukapuma ku Pakistan, FRELIMO ya ku Mozambique polimbana ndi Apwitikizi inali ndi makampu ku Tanzania. Ndalama a Taliban ankatolera kwa alimi ndi amalonda a opium (mankhwala ozunguza bongo) komanso ma lole m'misewu.

A Taliban musawatenge ngati angelo, ambiri m'midzi ankawapatsa chakudya chifukwa cha mantha, ukakana umaphedwa n'kutchedwa kazitape. Kungoti boma lomwe alendo analikhazika ku Kabul linadzala ndi katangale, mlandu wa malo umatha zaka woweruza akudikira kangachepe, pomwe bwalo la a Taliban limagamula msanga ngakhale mwankhanza, ndipo anthu ambiri akumidzi ankakasuma kumeneko. Alendo atayamba kulongedza asilikali a boma ambiri anangotula zida, pulezidenti Ashraf Ghani n'kuthawa m'dzikomo pa 15 Ogasiti 2021.