Kodi "quarantine" ndi "isolation" tiziti chiyani m'Chichewa?

Mlangizi wina wa zaumoyo wa ku Mchinji wandilembera kuti: "Ndikamaphunzitsa anthu kumudzi za matenda opatsirana, mawu akuti quarantine ndi isolation amandivuta. Anzanga ena amangoti kwarantini, ena amati kumusala wodwalayo. Kodi Chichewa chili nawo mawu akeake?"

Chili nawo, bambo, ndipo ndi mawu amene agogo athu ankawatchula tsiku ndi tsiku. Koma tiyambe taunika Chingerezicho, chifukwa nachonso chinachita kubwereka. Quarantine anachokera ku Chitaliyana, ku mawu akuti quaranta, kutanthauza 40. Nthawi ya mliri wa makoswe, zombo zikafika padoko la Venice ku Italy zinkaimitsidwa masiku 40 munthu asanaloledwe kutsika. Mzinda wa Ragusa, umene lero ndi Dubrovnik ku Croatia, ndiwo unayamba lamulo lotere mu 1377, koma kumeneko anali masiku 30. Choncho amene ankati "kwarantini ya masiku 14" nthawi ya Covid-19 ankanena masiku 40 a masiku 14 osadziwa. Isolation gwero lake ndi insula, mawu a Chilatini otanthauza chilumba: munthu waikidwa payekha ngati Chizumulu pakati pa nyanja. Achipatala amasiyanitsa awiriwa. Quarantine ndi wa munthu amene wakhudzana ndi wodwala koma sizinadziwike ngati watenga nthenda; isolation ndi wa amene wapezeka nayo kale.

Pa quarantine, ine sindikayika: mawu ake ndi m'bindikiro. Kubindikira ndi kudzitsekera m'nyumba mwadala, pa chifukwa chodziwika, kwa masiku owerengeka, kenako n'kutuluka. Akhristu amapita kum'bindikiro kukapemphera, osewera mpira amalowa m'bindikiro masewero akulu akayandikira. Mu April 2020, boma litalengeza kuti dziko litsekedwa masiku 21 chifukwa cha Covid-19, lamulo limene khoti linaimitsa lisanayambe kugwira ntchito, anthu sanavutike kupeza dzina. Pawailesi ndi pamsika pomwe ankati m'bindikiro. Polemba musaiwale kachizindikiro ka pambuyo pa m, chifukwa m ameneyo amatchulidwa payekha, ndi wotsala wa mu. Ukakhala wambiri timati mibindikiro. Ndimamva kuwawa ndikaona zikwangwani zalembedwa mbindikiro ngati kuti mawuwa amayamba monga mbale kapena mbuzi.

Mwambo wobindikira sitinauphunzire kuchipatala ayi. Ndili mwana, mayi anga aang'ono atachira analowa m'chikuta ndi khanda lawo. Ife ana ndi amuna onse tinaletsedwa kuponda m'nyumbamo kufikira mchombo utagwa. Ndimakumbukira agogo akutuluka m'khitchini m'mamawa ndi mbale ya phala lotentha, akugogoda ndi chigongono poti manja onse anali ndi katundu, ife titaima patali kudikira kuti mwina timva kulira kwa mwana. Nkhuni zinkabwera, madzi ankabwera, amayi a m'mudzi ankafunsa pakhomo kuti "Agona bwanji m'nyumbamo?" Tsiku lotuluka m'chikuta linali lachisangalalo. Anamwali kutsimba n'chimodzimodzi. Wobindikira amatumikiridwa, ndipo mudzi wonse umawerenga naye masiku.

Pa isolation gwiritsani ntchito kupatula. Wodwala amupatula, ali m'chipinda chopatula, kapena wadzipatula yekha kunyumba. Mawu amenewa ndimawakonda kwambiri chifukwa alibe chitonzo. Mayi amapatula mbewu ya chimanga kuti isadyedwe. Baibulo la Chinyanja limene linatuluka mu 1922 analitcha Buku Lopatulika, kusonyeza kuti chopatulidwa chingathe kukhala cholemekezeka koposa zonse. Ine ndimakhulupirira kuti kupatula ndi mpata n'zapachibale, kuti kupatula ndi kutsegula mpata pakati pa zinthu zimene zinali pamodzi. Taonani banja lake: njira zimapatukana, mpingo wochoka mu unzake timautcha mpatuko, ndipo mwamuna ndi mkazi amene apatukana sanasudzulane, ankhoswe akhoza kuwabweza.

Tsono pa kusala, apa pokha ndikukupemphani ndi mtima wonse: auzeni anzanuwo asiye. Inde, timasala kudya, timasala nyama ina chifukwa cha mwambo kapena matenda. Koma kusala munthu ndi kumunyansidwa, kukana kudya naye mbale imodzi, kusuntha mpando iye akakhala pafupi. Ndi mmene ankachitira ndi akhate kale. Ndi mmene tinachitira ndi abale athu m'zaka zoyambirira za Edzi, mpaka tinatha zaka zambiri tikuphunzitsana kuti tileke kusalana. Ndinaonapo mayi wina akubwera kuchokera kuchipatala, ana ake atamuikira kapu yakeyake ndi mbale yakeyake pakona, iye akudya atafulatira. Mlangizi akaima pansi pa mtengo n'kunena kuti "wodwalayu mumusale," anthu amamva zimenezo, ndipo wotsokomola wotsatira adzabisala m'malo mobwera kudzayezetsa.

Nanga kwarantini tiutaye? Mawu obwereka sindidana nawo onse. Sukulu, foni ndi kompyuta tinawalandira chifukwa zinthuzo zinabwera ndi mayina ake. Koma kubwereka khasu kwa mnansi lako lili pakhonde ndi ulesi, ndipo gogo wa kwa Mkanda mukamuuza kuti mdzukulu wake ali pa kwarantini aganiza kuti ndi dzina la ndende. Achipatala akamayankhulana okhaokha atchule mmene afunira. Pamaso pa anthu nenani chonchi: "Amene wakhudzana ndi wodwala abindikire kunyumba masiku amene achipatala anena. Amene wapezeka ndi nthendayi apatulidwe, agone chipinda chakechake, koma muzimupatsa chakudya, muzimulonjera pawindo, muzimuimbira foni."