Funsani Amalume: mikeka ya ku Philippines, nyumba yoyenda pamapewa ndi nkhani ya magombe athu

Mwezi uno makalata ambiri achokera konkuno ku Mangochi ndipo angapo akufunsa za dziko la Philippines, kaya ndi mafilimu awo aja adzadza pa TV kaya ndi mavidiyo a pa Facebook. Ndasankhapo asanu.

FUNSO: Amalume, ine ndimaluka mikeka ndi madengu a mlaza, ndimagulitsa pamsewu wopita ku Monkey Bay. Mwana wanga anandionetsa pa foni mikeka ya ku Philippines ya maluwamaluwa akuti imagulidwa mpaka maiko akunja, pomwe ine mkeka ndavutika nawo sabata yathunthu venda amabwera kudzanenerera mpaka mtima kuwawa. Iwowo akutiposa pati? (Mayi wa kwa Nankumba)

YANKHO: Mayi, manja anu sakuchepa ayi, ndiyambire pomwepo. Mikeka mwaonayo kwawoko amaitcha banig ndipo yotchuka kwambiri imachokera m'tauni ya Basey pa chilumba cha Samar. Amalukira udzu wa m'madambo wotchedwa tikog, wangati mlulu wathuwu, akauyanika amaunyika mu utoto, kenako pamwamba pa mkeka woluka kale amasokererapo maluwa, mbalame kapena dzina la munthu ndi timizere ta masamba a mgwalangwa wakwawo wotchedwa buri. Azimayi ena kumeneko amakalukira kuphanga la Saob chifukwa m'menemo mumazizira ndiye udzu suuma gwa, suthyoka m'manja, inu mukudziwa mmene mlaza umavutira dzuwa la Okutobala likaswa mtengo. Mu Novembala 2013 namondwe wa Haiyan anasakaza dera lonselo, anthu opitirira 6,000 anafa m'dzikomo, nyumba ndi tikog yemwe zinapita, koma azimayiwo anadzukanso m'magulu ndipo pano kupatula mikeka amapanga zikwama, tizikwama ta ndalama, masilipasi, zinthu zoti mlendo atha kuponya m'chikwama nkukwera nazo ndege. Apa pokha pali phunziro, mlendo wochokera ku Cape Maclear mkeka waukulu aukonda inde koma aunyamula bwanji?

Koma chimene chimandikhudza ine kwambiri ndi ichi. Mu 1992 dziko lawo linakhazikitsa lamulo lolemekeza amisiri a ntchito zamakolo, ulemu wake umatchedwa Gawad sa Manlilikha ng Bayan. Wopatsidwa ulemuwu amalandira mendulo ndi ndalama mwezi ndi mwezi moyo wake onse, ndipo naye amakhala ndi udindo wophunzitsa achinyamata a m'mudzi mwake. Mu 2004 anapatsa Haja Amina Appi, mayi wachisilamu wa mtundu wa Sama wa ku Tandubas m'zilumba za Tawi-Tawi, ntchito yake kuluka mikeka basi. Ankadula masamba a chomera chotchedwa pandan, kuchotsa minga, kuwang'amba timizere, kuwiritsa, kunyika mu utoto nkuyanika, mkeka umodzi nkumatenga mpaka miyezi itatu. Anamwalira mu 2013 koma dzina lake lili m'mabuku a dziko lawo. Woluka mikeka, mayi, ngati inuyo. Kuno mkeka ukachoka m'manja mwanu ulibenso mwini, ku Lilongwe akangoti "ya ku Mangochi" nkhani yathera pomwepo, ndipo katundu wopanda dzina ndi amene venda amamunenerera mmene wafunira.

Musaganize kuti onse oluka kumeneko ndi olemera, ambiri nawonso amadyeredwa ndi ogula apakati. Koma poyambira alipo. Gwirizanani azimayi a pamsewupo mtengo ukhale umodzi, wina asamatsitse kuseri. Sokererani kansalu kolemba dzina la gulu ndi mudzi wanu pa chilichonse mwaluka. Mwana wanu yemweyo ajambule zithunzi masana powala bwino aike pa WhatsApp ndi nambala ya gulu. Ndipo samalani migwalangwa ing'onoing'ono, osalola kuti moto wolusa uzingoipsereza chaka ndi chaka, chifukwa mlaza ukatha palibenso cholukira.

FUNSO: Amalume ndaona vidiyo anthu aku Philippines atanyamula nyumba yonse pamapewa akuyenda nayo mumsewu, anzanga pa siteji akuti ndi za kompyuta. Zoona zake ndi ziti? (Wakabaza, pa Mangochi boma)

YANKHO: Achimwene, ndi zenizeni, auzeni anzanuwo. Nyumba yakumudzi kwawoko, bahay kubo, imamangidwa ndi nsungwi ndi masamba a mgwalangwa wotchedwa nipa ndipo imakhala pamwamba pa mizati, siigunda pansi, ndiye ndiyopepuka. Banja likafuna kusamuka, mwina pothawa madzi osefukira, azibambo a m'mudzi amalowetsa nsungwi zikuluzikulu pansi pake mopingasa nkuinyamula onse pamodzi, akafika eni nyumba amawaphikira chakudya, palibe malipiro ena. Mwambowu amautcha bayanihan. Ife tisadabwe kwambiri, si paja timati mutu umodzi susenza denga, ndipo amene anakulira kumudzi anaonapo denga la nkhokwe likumangidwira pansi kenako anthu nkulikweza ndi mfuu. Masiku ano nyumba zambiri kumeneko ndi za simenti ndiye kunyamulako kukuchepa, koma mtima wake ulipobe. Nthawi ya Covid mu 2021 anthu anayamba kuika timatebulo m'mbali mwa msewu, amene ali nacho asiyepo mpunga kapena ndiwo, amene alibe atengepo zomukwanira, zinayambira ku Quezon City nkufalikira dziko lonse. Alinso ndi paluwagan, chimene ife timati chipereganyu. Inu a kabaza mnzanu akachita ngozi mumasonkherana, ndi zomwezo, musazisiye.

FUNSO: Assalam alaikum Amalume. Tinatsutsana pa bawo, wina akuti ku Philippines onse ndi Akatolika. Kodi Asilamu aliko? Ngati aliko, miyambo ya makolo awo anaisunga kapena anaitaya atalowa chipembedzo? (Bambo wa ku Namwera)

YANKHO: Wa alaikum salaam bambo. Ambiri ndi Akatolika inde, koma Asilamu aliko, pa anthu 100 alionse pafupifupi 6, makamaka kummwera ku Mindanao ndi zilumba za Sulu. Ndipotu Chisilamu ndi chimene chinayamba kufika. Mzikiti wa Sheik Karimul Makhdum pa chilumba cha Simunul mbiri yake imayambira mu 1380, pomwe Magellan ndi zombo za ku Spain, amene anabweretsa Chikatolika, anafika mu 1521. Chisilamu chinabwera ndi amalonda apanyanja, monga mmene chinafikira kuno kwa Makanjira ndi kwa Mponda kudzera mwa amalonda ochokera kugombe la nyanja ya mchere.

Amene angakusangalatseni ndi a Maranao, anthu okhala mozungulira nyanja ya Lanao, anthu akunyanja ngati ife. Ndi Asilamu olimba koma ali ndi ndakatulo yaitali yoimba yotchedwa Darangen, ya mizere pafupifupi 72,000, imene inalipo Chisilamu chisanafike ndipo amaiimba pa maukwati mausiku angapo otsatizana. Bungwe la UNESCO linaizindikira mu 2005, chaka chomwecho chimene linazindikira Gule Wamkulu ndi Vimbuza. Gule wawo wa singkil, amene mtsikana amaponda mwaluso pakati pa nsungwi zikuombana, anachokera mu ndakatulo yomweyo. Alinso ndi zosema za okir zokhotakhota ngati mphukira za zomera zimene amakongoletsera nyumba za mafumu, ndipo tauni ya Tugaya imadziwika ndi amisiri a mkuwa ndi matabwa. Nkhondo ya mu 2017 inaphwasula mzinda wawo wa Marawi kwa miyezi isanu, mabanja ambiri anataya katundu wa makolo, ndi chinthu chomvetsa chisoni zedi.

Ndiye poyankha funso lanu lachiwiri, sanataye. Ine maganizo anga ndi akuti nafenso beni, manganje, likwata ndi nthano za agogo m'Chiyao tisamachite nazo manyazi. Zoyenera kukonza zikonzedwe, monga anakonzera nkhani ya jando kuti anyamata azikhala otetezeka komanso asamajombe kusukulu, koma nyimbozo zijambulidwe eni ake akadali moyo. Mafoni tili nawo m'matumba, agogo odziwa nyimbozi ndi amene akutha.

FUNSO: Amalume, aphunzitsi athu anati ku Philippines amapanga nsalu kuchokera ku nthochi ndi chinanazi. Kalasi yonse inaseka. Ndi zoona eti? (Mtsikana wa Fomu 3, Malindi)

YANKHO: Mwanawe, aphunzitsi ako akunena zoona ndipo ukawauze anzako. Kuli chomera chotchedwa abaca, m'bale wake wa nthochi, ukachiona ungati ndi nthochi yeniyeni koma zipatso zake sadya, chuma chake chili mu luzi la thunthu lake. Luzi limeneli ndi lolimba moti amapangira zingwe za sitima zapamadzi, timatumba ta tiyi ngakhale mapepala a ndalama, ndipo abaca wochuluka padziko lonse amachokera ku Philippines. Azimayi a mtundu wa T'boli a ku nyanja ya Sebu, nyanja imene amawetamo nsomba za mtundu wa chambo m'makhola, amawomba nalo nsalu ya t'nalak. Amalumikiza ulusi umodziumodzi ndi timfundo ting'onoting'ono, amamanga malo amene sakufuna kuti utoto ulowe, nkuwiritsa ndi masamba opereka mtundu wakuda ndi mizu yopereka wofiira, akamaliza kuwomba amaikhutiza ndi chigoba cha nkhono ya m'nyanja mpaka iwale. Miyezi imatha nsalu imodzi. Iwo amakhulupirira kuti dizayini amailandira kumaloto kuchokera kwa mzimu wa abaca, Fu Dalu, nchifukwa chake nsaluyi sailumpha. Gogo Lang Dulay, amene anamwalira mu 2015, ankadziwa madizayini pafupifupi 100 pamtima ndipo analandira ulemu wa boma uja mu 1998.

Ya chinanazi imatchedwa piña, kwawo kwake ndi ku Aklan. Amapala tsamba la chinanazi ndi phale la mbale yadothi yosweka mpaka ulusi woonda ngati tsitsi utuluke. Ndi imene amasokera barong, malaya a ulemu amene azibambo amavala pa ukwati ndi pa zochitika za boma, ndipo UNESCO inaizindikira mu 2023. Lamulo lawo la mu 2004 limati mayunifomu a ogwira ntchito m'boma azikhala ndi ulusi wa zomera za m'dziko momwemo, ndiye mlimi ndi woomba nsalu msika amaupeza pakhomo. Vuto ali nalo ndi la nsalu zodinda pa makina zobera madizayini awo nkumagulitsidwa motchipa, zimawapweteka kwambiri azimayiwa.

FUNSO: Amalume, doko limene makolo athu ankakocheza mabwato ndi kuyanikapo usipa pano pali mpanda, akuti malowo anagulidwa, azimayi akuzungulira mtunda wautali kuti akachape ndi kutunga madzi. Ndinamva kuti ku Philippines anthu akumudzi ali ndi mapepala a nyanja yawo. Zimatheka? (Msodzi, kwa Mponda)

YANKHO: Bambo, kalata yanu yandiwawa chifukwa aliyense woyenda m'mbali mwa nyanja kuchoka pa boma kukafika ku Monkey Bay mipandayo amaiona. Zimene munamvazo ndi zoona. Mu 1997 anakhazikitsa lamulo la ufulu wa mitundu ya anthu amene ndi eni nthaka, limene limalola mtundu wonse kukhala ndi chikalata chimodzi cha malo a makolo awo, ndipo limati kampani kapena boma lisayambe ntchito pamalopo eni ake asanafotokozeredwe bwinobwino nkuvomera mwaufulu. A Tagbanua a pa chilumba cha Coron mu 1998 anapatsidwa chikalata cha mahekitala opitirira 22,000, mtunda ndi madzi omwe. Lero alendo okaona nyanja ya Kayangan amalipira kwa iwowo, ndipo nyanja zina za pachilumbapo anazitseka, mlendo saloledwa kufikako chifukwa ndi malo a mizimu yawo.

Sizinabwere pa mbale ayi. M'zaka za m'ma 1970 boma la pulezidenti wa nthawiyo, Ferdinand Marcos wamkulu, linkafuna kumanga madamu pa mtsinje wa Chico amene akanamiza midzi, minda ya mpunga ndi manda a anthu a Kalinga ndi Bontoc. Mkulu wina wa m'mudzi wa Bugnay, Macli-ing Dulag, anagwirizanitsa midzi imene kale inkadana kuti ikane ndi mawu amodzi, a boma anamunyengerera ndi ndalama iye anakana, ndipo pa 24 Epulo 1980 asilikali anamuombera m'nyumba mwake. Madamuwo sanamangidwe. Mpaka pano lamulo la mu 1997 lija limaphwanyidwabe ndi makampani a migodi ndi odula mitengo, ndipo mapepala amachedwa zaka kuti atuluke, koma mudzi umene uli ndi chikalata umakhala ndi poimira.

Kuno lamulo lathu ndi lina, koma la malo a m'midzi la mu 2016 limapereka mwayi wolembetsa malo kudzera m'makomiti a malo. Musapite nokha. Khalani pansi ndi komiti ya pa doko lanu, a mfumu ndi a VDC, mulembe madoko onse amene atsala, njira zopita kumadzi, poyanikira nsomba, pochapira ndi manda, akuluakulu amene akukumbukira malire asainire, kope imodzi ipite kwa a T/A ina ku khonsolo ku ofesi ya malo. Za mpanda waimikidwa kalewo pitani mukafunse ku ofesi yomweyo kuti muone mapepala ake ndi amene anavomereza, ndipo pemphani polemba kalata kuti pasiyidwe njira yoti azimayi azidutsa popita kunyanja. Mundilemberenso mmene ziyendere.