Mnzako akubwera ku Joni, iwe chipinda n'chimodzi

Mdzukulu wanga wina wa kuno ku Chitakale, mtsikana, ali ku Joni chaka chachitatu tsopano, wanditumizira mawu pa WhatsApp ataliatali ngati ulaliki wa pa Pasaka. Akuti agogo, mnzanga amene ndinkaphunzira naye akufuna adzandione pa holide, koma ine ndimachita lendi kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya eni, Loweruka ndimagwira ntchito mpaka masana, ndiye mnzangayo wayamba kale kukamba zoti pa wikendi tikaone nyanja ku Durban. Kodi kumufunsa kuti ukhala masiku angati ndi mwano? Nanga ndalama ya ulendowo ndilipire ndekha poti mlendo ndi wanga?

Ndikuyankha pano kuti anzakonso ali ku Cape Town ndi kwina amve nawo.

Ukudziwa bwino kuti kwathu kuno mlendo safunsidwa kuti mupita liti, ngakhale kumufunsa kuti kodi mudya, ayi, umangomulandira katundu, kumuyalira mphasa, thobwa atsogole, kenako ana athamangitse nkhuku. Mwambo umenewu ndi wabwino ndipo usauchite manyazi. Koma taganiza chimene chinkaugwiriziza. Ufa unali wa m'nkhokwe, nandolo wa kuseri kwa nyumba, nthochi zongodula, nkhuni za m'phiri, madzi a ku mtsinje, malo ogona akachepa anyamata ankasamukira ku gowelo la anzawo basi nkhani yatha. Komanso mlendo wa kale akagona kawiri katatu mmawa ankadzuka yekha n'kutenga khasu kutsatira eni nyumba ku dimba, palibe ankamuuza. Nchifukwa chake akulu ankati mlendo ndi mame, ankadziwa kuti dzuwa likakwera akamuka. Tsono iwe uko nkhokwe yako ndi kachikwama ka ma rand, ngakhale madzi osamba otentha amadya mayunitsi a magetsi.

Ine ndinaziona ndekha nditapita kukaona mwana wanga wamwamuna komweko. Ndinakhala masabata atatu ndikudya nyama ngati mfumu, ndikumati eee mwanayu zake zayenda, mpaka usiku wina ndikutuluka kukataya madzi ndinamupeza iye ndi mkazi wake agona pa makatoni kukhitchini, mu June, kuzizira kwa ku Joni kuja koposa chiperoni chathu, bedi anandisiyira ine. Kenako ndinadzamva kwa mlongo wake kuti anachita kukongola ndalama kuti andisangalatse. Zinandiwawa, osati chifukwa anavutika kokha ayi, koma kuti sanandiuze, anandiona ngati munthu woti sindingamve zoona. Akanandiuza ndikanakhala sabata imodzi n'kubwerera mtima uli mbee.

Ndiye funsa, mdzukulu wanga, koma funsa asanakwere basi. Akafika pakhomo ndiye ukafunse kuti upita liti, pamenepo ndi kuthamangitsa munthu. Ali kuno ndi kukonzekera chabe. Ndipo njira yofunsira ilipo yaulemu, umuuze kuti mnzanga undiuze tsiku lofika ndi lobwerera kuti ndipemphe tchuthi kwa abwana, ndidziwitsenso a landilodi. Zimenezi si bodza, eni nyumba ambiri safuna munthu wowonjezera asanauzidwe, ukabisa mudzapezeka nonse awiri panja. Umuuzenso kuti pasipoti ya Malawi pa bodala ya South Africa amadinda masiku osapitirira 30, akapyola ndi mlandu ndipo amatha kumuletsa kulowanso. Ulendo wake wa pa basi uja wodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge ndi wa masiku awiri, afika wotopa mapazi atatupa, ukamuchingamire wekha ku Park Station, osamangomutumizira kamapu pa foni kuti akwere taxi yakuti, munthu sadziwa ndi chilankhulo chomwe.

Pali chinanso chimene ana inu mumachidziwa koma simuchitchula. Ena amati ndikubwera kudzacheza pamene mumtima akubwera kudzasaka ntchito. Si tchimo kusaka ntchito, ife a m'badwo wathu ambiri anapita ku migodi pa Wenela ndi TEBA, koma imeneyo ndi nkhani ina yofunika kukambirana payokha, kuti ukhala kwa ine mpaka liti, udya bwanji, mapepala ako ali bwanji. Mufunse mosapsatira, ndi mnzako.

Za ku Durban tsopano. Kuchoka ku Joni ndi makilomita oposa 500, pagalimoto maola asanu ndi limodzi, panjira pali zipata zolipira, ukafika ufune pogona, ndiye iwe woweruka Loweruka masana ukafika usiku, Lamulungu mmawa ujambulitse pa mchenga n'kuyamba ulendo wobwerera kuti Lolemba upezeke pa ntchito. Kumeneko ndi kucheza kapena kukaperekeza ndalama? Ngati mtima wanu uli pa nyanja dikirani wikendi ya holide yaitali, muitane anzanu ena awiri atatu, musonkherane, ndalama ya thiransipoti ndi pogona aliyense aponye yake musananyamuke, osati zija zoti ndikubwezera kumapeto kwa mwezi, ubwenzi wambiri wathera pa mawu amenewo. Mlendo wako umudyetse pakhomo, umenewo ndi udindo wako, koma ulendo wokasangalala umene waufuna yekha aikepo kangachepe. Munthu wokwanitsa tikiti ya ku Joni sangalephere.

Komanso sikuti kuona malo mpaka kutali. Ine ndakalamba pansi pa phiri ili la Mulanje, azungu amachoka kutsidya kwa nyanja kudzakwera Sapitwa wa mamita 3,002 uja, ine sindinapondeko, koma alendo anga ndikawatengera ku Likhubula, tikakhala pa Dziwe la Nkhalamba ndi chinangwa chophika ndi nanazi, amakakamba chaka chonse. Iwenso Lamulungu mukatuluka ku tchalitchi phikani mpunga ndi nkhuku muike m'kontena mukakhale pa paki ya Zoo Lake ku Joni komweko, kapena mukwere wa ku Pretoria, ola limodzi basi, mukaone nyumba za boma za Union Buildings ndi chiboliboli cha Mandela chachitali mamita 9 chija, pa kapinga paja salipiritsa. Zithunzi za pa Facebook zitulukanso bwinobwino, poti ndikudziwa ndi zimene mumafera.

Kwa amene mukupita kukacheza nanunso ndili ndi mawu. Musapite manja lendelende, musakhale pa bedi ndi foni mwini nyumba akuchokera ku ntchito n'kudzayambanso kuphika, tsukani mbale, sesani. Ndipo mukabwera kuno zimene mwaona m'nyumba ya mnzanu musakazilalike pa msika wa Chitakale kuti aja amatumiza ndalama pa Mukuru aja amagona m'kachipinda ngati khola la nkhunda. Anakutsegulirani chitseko chifukwa anakukhulupirirani.

Iwe mdzukulu, mnzakoyo akatsimikiza tsiku umuuze adzere kuno kaye, agogo ako aakazi akufuna akupatsire tiyi wa m'paketi ndi chitenje, akuti pa chithunzi chija waonda.