Bwanji Joy Hawk sakumumanga Royal Abbott?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene akukhala ku Johannesburg. Angomaliza kuonera Outer Range, sewero la pa Prime Video lija, ndipo mtima sunawakhale pansi. Funso lawo, ndikalidula, ndi ili: "Joy Hawk akudziwa bwino lomwe kuti banja la Abbott likunama pa imfa ya Trevor Tillerson. Nanga akuzengereza chiyani osamumanga Royal? Ndi mantha, kapena anadyapo kenakake?"

Amene simunaonere, siyirani pompano, chifukwa ndiulula zambiri.

Achemwali, tiyambe ndi dzina la ntchito ya Joy, ya usherifu, chifukwa limatisokoneza. Kwathu kuno tikamva kuti kwabwera masherifu, timadziwa kuti wina walephera kubweza ngongole, ndipo firiji ndi masofa zikukwera lole molamulidwa ndi khothi. Ku America sherifu ndi munthu wina. Iye ndi mkulu wa apolisi m'dera lomwe amalitcha county, ndipo pafupifupi kulikonse amachita kuvoteredwa ngati phungu. Ku Wyoming, komwe nkhaniyi yaikidwa, kuli madera otere 23, ndipo sherifu amasankhidwa zaka zinayi zilizonse. Tawuni ya Wabang ndi yongopeka, koma dongosololi ndi lenileni.

Tsono Joy, pamene seweroli likuyamba, mpandowo sunakhale wake. Akungogwirizira udindo uku akuchita kampeni. Anthu amene akuwafufuza masana ndi omwewo amene akuwapempha voti madzulo. Mbali ina kuli a Tillerson, anthu a ndalama, omwe mwana wawo wasowa ndipo akufuna wina alowe m'chitokosi lero lomwe. Mbali inayi kuli a Abbott, banja lakale m'deralo, lopemphera, lomwe anthu akulimvera chisoni chifukwa mpongozi wawo Rebecca anasowa miyezi isanu ndi inayi yapitayo osapezeka. Ndipo amene anapita kukawauza kuti a FBI, apolisi ofufuza milandu a boma lalikulu la America, asiya kumufunafuna ndi Joy yemweyo. Munthu wotere kuti abwererenso pakhomo lomwelo ndi unyolo, ayenera kukhala ndi umboni wogwirika, osati kungonunkhiza bodza.

Umboniwo ndiye vuto. Ife oonera tinaona zonse: Rhett Abbott anamenyana ndi Trevor kunja kwa bala, mchimwene wake Perry n'kudzamumaliza, kenako bambo wawo Royal n'kuponya mtembo m'chidzenje chakuda chija chili kubusa la kumadzulo. Joy sanaone chilichonse mwa izi. Ntchito yonse ya wapolisi pa mlandu wakupha imatsamira pa wotchi: anafa nthawi yanji, iwe unali kuti nthawi imeneyo? Koma dzenje limeneli limasewera ndi nthawi. Mtembo utapezeka kuphiri, atautulukira kamtsikana Amy, mdzukulu wa Royal, zoyeza zikuonetsa kuti Trevor wafa maola ochepa apitawo, chonsecho anasowa masiku angapo. Ndiye kuti usiku wa ndewu uja sukugwirizana ndi imfayo. Mlandu wotere loya wongotuluka kumene kusukulu akhoza kuugwetsa asanavule n'komwe jekete. Apa wolemba, Brian Watkins, anaganiza mwanzeru. Zodabwitsa za m'seweroli sizibwera kudzaopseza sherifu usiku ngati mzukwa. Zimangomulanda chida chomwe amagwirira ntchito, n'kumusiya atanyamula fayilo yomwe masamu ake sakutuluka.

Komanso musaiwale kuti amene anapha si Royal. Perry anadzavomera yekha, anatuluka pa belo banja litapinyolitsa famu, kenako anadziponya m'dzenje muja. Wapolisi ali ndi wopalamula wovomera, koma wopalamulayo wapita kumene samoni singafike.

Za ziphuphu ndikukanirani ndithu, palibe pomwe ndinaona Joy akulandira kanthu. Za mantha ndivomera pang'ono, koma si mantha a mfuti. Joy ndi mzimayi, ndi mbadwa ya eni nthaka a ku America, ndipo ali pabanja ndi mkazi mnzake, Martha, akulera mwana wawo Rose, m'dera la azungu oweta ng'ombe. Amadziwa kuti mzungu wamwamuna pa mpando umenewo akalakwitsa, anthu amati walakwitsa uje. Iye akalakwitsa adzati tinanena ife, anthu awa sangathe. N'chifukwa chake amayenda ngati munthu wosenza mazira m'lichero. Tamara Podemski, wa ku Canada amene naye ali ndi magazi a mtundu wa Anishinaabe, amasewera mbali imeneyi ndi nkhope yokha. Kamwa imamwetulira mwaulemu, maso akuwerenga mabodza.

Koma pamene ine ndinamumvetsa kwenikweni ndi m'chigawo chachiwiri, chomwe chinatuluka mu Meyi 2024. Gawo lachinayi, lotchedwa Ode to Joy, ndi lake lonse, ndipo kwa ine ndi lomwe linaposa onse. Kumapeto kwa chigawo choyamba tinamusiya atasochera m'thengo, akuona njati zosawerengeka ndi mahema a eni nthaka. Zoona zake n'zakuti anagwera m'chaka cha 1882, ndipo anakhala pakati pa anthu a mtundu wa Shoshone zaka zinayi. Zaka zimenezo si zongotola. Pangano la ku Fort Bridger la 1868 linali litawaikira kale a Shoshone malire ku Wind River, mu 1878 boma linabweretsanso a Arapaho pamalo omwewo, njati zinali kutha chifukwa chophedwa mwachisawawa, ndipo Wyoming inali isanakhale n'komwe state (limodzi mwa maboma opanga dziko la America), poti zimenezo zinachitika mu 1890. Ndiye tangoganizani: munthu amene moyo wake wonse wavala baji, kuteteza mipanda ndi zikalata za malo, akuona ndi maso ake mmene mipandayo inayambira ndi amene anatsala kunja kwake. Iye akudziwa zomwe zikubwera, anzake akumudziwo sakudziwa, ndipo palibe chomwe angaletse. Mkangano wa a Abbott ndi a Tillerson wolimbirana busa lija umaoneka mwina ukauonera kumeneko. Ndi anthu awiri okanganirana mbuzi yomwe mwini wake ali chiimire potero.

Ndiye pali 1886. M'chigawo choyamba Royal anaulula kuti anabadwa m'zaka za m'ma 1800, kuti ali mwana anawombera bambo ake mwangozi kosaka nyama, ndipo pothawa analowa m'dzenje n'kutulukira mu 1968. Gawo la Joy likutionetsa kuti sinali ngozi. Bamboyo anali munthu wankhanza, anali pafupi kupha Joy, ndipo kamnyamatako kanawombera kuti kamupulumutse. Joy akubwerera m'nthawi yake akudziwa kuti mdala wouma mutu amene wakhala akumunamiza pa mlandu wa Trevor ndi mwana yemwe uja. Kwa Royal papita zaka zoposa makumi asanu. Kwa Joy ndi dzulodzuloli, bala lisanapole.

Apa ndikufunseni inuyo, achemwali: mukanamumanga? Lamulo likuti kubisa mtembo ndi mlandu, ndipo a Tillerson, kaya tiwade chotani, anaika mwana m'manda. Koma lipoti lake mungalembemo chiyani? Kuti mboni yaikulu ndi inu, ndipo munakumana ndi woganiziridwayo zaka 130 ndi kanthu zapitazo?

Pomwe ndikugwirizana nanu ndi apa: chigawo choyamba chimamusiya Joy panja nthawi yaitali, akungogogoda m'makomo pamene kamera ili kalikiliki ndi Josh Brolin, yemwe amasewera ngati Royal. Magawo asanu ndi atatu aja akanamupatsako malo, simukanamuyesa wamantha. Ndipo atangoyamba kumupatsa, Amazon inaimitsa seweroli mu Julayi 2024, magawo onse pamodzi ali 15 okha. Ine tsiku limenelo nsima sinandikomere.