Pampu ya sola ikulavula mpweya pakangotha mphindi khumi

Funso la bambo wina wa ku Kapata, mu mzinda wa Chipata: Chilala cha 2024 chitavuta, magetsi n'kumazima tsiku lonse, ndinaikitsa pampu ya sola pa chitsime chobowola cha mamita 50. Chaka choyamba zinali bwino. Tsopano mu Okutobala muno imatulutsa madzi mphindi khumi zokha, kenako imalavula mpweya, ine n'kuzimitsa. Ndikadikira ola limodzi imatulutsanso. Amene anandigulitsa akuti ndigule yamphamvu. Ndigule?

Bambo, ndalamazo zisungeni kaye. Pampu yowonongeka sichira yokha pakatha ola. Yanuyi ili bwino, kungoti ikukoka madzi mofulumira kuposa momwe nthaka ikubweretsera.

Ambiri timaganiza kuti wobowola akafika pamadzi ndiye kuti waboola mtsinje wa pansi. Kuno ku Chipata sizili choncho. Pansi pathu pali thanthwe lolimba, lomwe lija mumaliona pa mapiri otizungulirawa. Pamwamba pake pali dothi ndi thanthwe lofumbutuka, limene limamwa mvula ndi kuisunga, ndipo m'munsi mwake madzi amangoyenda m'ming'alu. Madzi a m'chitsime chanu ndi mvula ya pakati pa Novembala ndi Epulo imene yakhala ikudutsa pang'onopang'ono m'timipata ta dothi, ndipo Okutobala amapeza nkhokwe imeneyi itatsika kwambiri.

Injiniya wa ku France, Henry Darcy, amene anakonza za madzi a mzinda wa Dijon, analemba za nkhaniyi mu 1856. Anathira mchenga m'paipi yoimika, n'kumadutsitsamo madzi uku akuyeza. Anapeza kuti mphamvu yokankha madzi ikawirikiza, madzi odutsa amawirikizanso. Mchenga ukatalika kawiri, odutsa amachepa ndi theka. Koma chachikulu ndi mtundu wa chimene madziwo akudutsamo, ndipo apa ine ndimagoma mpaka lero. Dongo la kudambo limasunga madzi ambiri kuposa mchenga, koma timipata take n'tating'ono zedi, moti limaumira nawo. Nsangalabwi zimadutsitsa madzi kuposa dongo mowirikiza kupitirira ka miliyoni. N'chifukwa chake amayi a kuchigwa cha Luangwa akafukula mchenga wa mumtsinje wouma, kadzenjeko kamadzaza iwo ali pomwepo, pamene dzenje la m'makande dzuwa limalowa likungochita thukuta.

Tiyeni tiwerengere limodzi, manambalawa ndi ongoyerekeza. Paipi ya chitsime ya masentimita 10 mkati mwake imasunga malita pafupifupi 8 pa mita iliyonse. Ngati pamwamba pa pampu pali madzi a mamita 20, amenewo ndi malita 160. Pampu ikamakoka malita 25 pa mphindi, nthaka n'kumabweza 10, ndiye kuti mphindi iliyonse akuchepa ndi 15, ndipo pa mphindi ya 11 pampu yafika pouma. Ikani yamphamvu kawiri, idzafika poumapo m'mphindi zinayi. Idzabwera ndi mchenga womwe, chifukwa madzi akamathamangira m'timabowo ta paipi amakokolola dothi, ndipo mchengawo umadya zamkati mwa pampu. Motala yake imazizira ndi madzi omwewo. Ikazungulira pouma imapsa. Mapampu ofera pamenepa ndawatsegula ambiri, ndipo zimandiwawa chifukwa eni ake anachita kugulitsa mtedza ndi soya wa chaka chonse kuti awapeze.

Yambani ndi kuyeza. Tengani chidebe cha malita 20 ndi wotchi ya pa foni. Chepetsani liwiro mpaka madzi azituluka osadukiza kwa maola awiri kapena atatu, ndiye muone chidebecho chikudzaza m'masekondi angati. Amenewo ndiwo madzi amene chitsime chanu chingakupatseni mwezi uno. Pochepetsapo samalani. Pampu ya timapiko tozungulira mukhoza kuitsekera pang'ono vavu ya potulukira. Koma mapampu ambiri ang'onoang'ono a sola ndi a sikuluwu, ndipo amenewa mukawatsekera vavu, mphamvu imadzazana m'paipi mpaka kuwononga labala kapena motala. Iwowa liwiro mumachepetsera pa kabokosi kowongolera. Ndipo poti mukuchita kuzimitsa nokha, ndiye kuti ka sensa kozimitsa pampu madzi akatsika palibe, kapena sikanalumikizidwe. Muitaneni amene anaika adzakonze zimenezi msanga.

Malita 10 pa mphindi musawapeputse. Kwa maola asanu ndi limodzi a dzuwa ndi malita 3,600, okwanira banja ndi kadimba komwe. Ndalama ya pampu ija mugulire thanki.

Mwanena kuti chaka choyamba zinali bwino, ndiye pali zinanso ziwiri zoti muone. Anansi akabowola zitsime pafupi, nonse mukumwera nkhokwe imodzi. Komanso timabowo ta paipi ndi miyala imene anathira mozungulira zimatsekeka ndi matope kapena dzimbiri. Ngati zidebe zikusanduka zofiirira mkati, itanani obowola adzatsuke chitsimecho ndi kompresa. Kutsitsira pampu pansi penipeni ayi, kumeneko n'kumene kumakhazikika matope.

Funso la mayi wina wa ku Katete: Nyumba yanga ya njerwa zootcha imanyowa m'munsi mwa khoma, penti ikufundukuka ndipo pakutuluka zoyera ngati mchere. Denga silidontha. Ndapentanso kawiri ndi penti yamafuta koma zikubwerera.

Mayi, kumbukirani chingwe cha koloboyi, momwe chimakwezera palafini kuchokera m'botolo popanda womupopa. Njerwa nayo ili ndi timipata tosaoneka, ndipo timayamwa chinyezi cha m'nthaka chimodzimodzi. Kampata kakachepa, madzi amakwera patali. Kawirikawiri amalekezera pafupifupi mita imodzi, pamene okwera amalingana ndi amene akuuma ndi mphepo. Zoyerazo ndi mchere ndithu: umabwera utasungunuka, madzi akauma iwo umatsala, ndipo ukamakula kuseri kwa penti umaikankha.

Penti yamafuta ija ndiyo ikukulitsa vuto. Mtsuko wadothi umaziziritsa madzi chifukwa umatuluka thukuta. Mukaupaka penti umaleka kupuma. Khoma lanu mwalitseka pouma pake, ndiye chinyezi chikukwera kukafuna potulukira pamwamba kapena mkati mwa nyumba. Pulasitala wa simenti yambiri amachitanso zomwezo.

Zungulirani nyumba mvula ikugwa. Muone kumene madzi a padenga akugwera, ndi ngati dothi kapena bedi la maluwa lagunda khoma. Omanga odziwa ntchito amayala pepala lakuda la pulasitiki, lija amati DPC, pamwamba pa maziko, masentimita 15 kuchokera pansi kapena kuposerapo. Nyumba zambiri pepalalo lilimo, koma dothi lothiridwa pambuyo pake linakwera n'kulipitirira, madzi n'kupeza podutsira. Chotsani dothilo, mangani kakhonde kotsetserekera kunja, ikani ngalande za padenga. Kenako palani penti yonse ya m'munsiyo, mcherewo muchotse ndi burashi youma, osatsuka ndi madzi chifukwa mungaubwezere m'njerwa. Khomalo lisiyeni liume chilimwe chathunthu, ndipo pomaliza mupake laimu kapena penti yamadzi. Ngati DPC mulibiretu, mmisiri amadula mzere wa matope a pakati pa njerwa pang'onopang'ono, osaposa mita imodzi nthawi imodzi, n'kumalowetsa pepalalo. Ndi ntchito yochedwa koma imatheka.

Funso la mnyamata wina wa ku komboni ya Mchini ku Chipata: Chimbudzi cha anansi chili masitepe khumi kuchokera pa chitsime chathu chokumba. Madzi ndi oyera mbee. Akuluakulu akuti dothi limasefa. N'zoona?

Achimwene, limasefa ndithu, koma limafuna mtunda ndi nthawi. Dothi losalala limagwira tizilombo madzi akamadutsa pang'onopang'ono. Mng'alu wa m'thanthwe susefa kanthu, uli ngati paipi, ndipo nthawi ya dzinja madzi a pansi akakwera n'kufika m'dzenje la chimbudzi, zoipazo zimayenda msanga. A zaumoyo amalangiza mamita 30 kapena kuposerapo, chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime. Masitepe khumi safika n'komwe theka lake. Maso saona tizilombo ta kolera, ndipo tonse tikukumbuka mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023 muno m'Zambia.

Ndikudziwa kuti mapuloti a m'komboni ndi opanikizana, kusuntha chimbudzi si nkhani ya lero ndi lero. Choncho madzi akumwa ndi otsukira mbale muziwiritsa kapena kuthira klorini monga mwa malangizo a pabotolo, tsiku lililonse. Pakamwa pa chitsime mumange simenti yotsetserekera kunja, muikepo chivundikiro, ndipo chidebe chotungira chikhale chimodzi chosagunda pansi. Mvula yoyamba isanagwe, pitani ku kiliniki yapafupi mukapemphe mlangizi wa zaumoyo adzaone chitsimecho ndi kutengako madzi okayeza.