Maikolofoni ikamamva mawu a masipika: yankho kwa woyendetsa ndege ya pa kompyuta

Wowerenga wina wanditumizira imelo yokhala ndi funso lalifupi. Iye amayendetsa ndege pa Microsoft Flight Simulator pamodzi ndi pulogalamu yozindikira mawu imene imagwira ntchito ya woongolera ndege wa pansanja, koma akalankhula amamva mawu ake akubwerera mochedwa, ndipo nthawi zina pulogalamuyo imayankha zinthu zimene iye sananene n'komwe. Akufunsa ngati kuli bwino kugula maikolofoni ina yodula. Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye, chifukwa pa mavuto a mawu amene ndakumana nawo m'masewera amenewa, ochepa kwambiri ndi amene anatha chifukwa chogula chipangizo chatsopano.

Funso lanu landikumbutsa nyengo imene ndinkaulukira m'chipinda cha makoma a simenti, chopanda siling'i ndiponso chopanda makatani, masipika awiri ali patebulo, maikolofoni ili pakati pawo. Ndinkakonda kumva kulira kwa injini kukudzaza chipinda chonse, ndipo pulogalamu imene ndinali nayo inali yotchera khutu nthawi zonse, yosadikira kuti munthu adine batani. Tsiku lina ndikuyandikira bwalo la Chileka, woongolera anandiuza kuti nditsike ndi kukhotera kumanja, ndipo ndisanatsegule pakamwa ndinamva iye yemweyo akutsimikiza kuti ndabwereza bwino malangizo ake. Ndinangoti kakasi. Chimene chinachitika n'chakuti mawu ake anatuluka m'masipika, anagunda khoma, n'kulowa m'maikolofoni, ndipo pulogalamuyo inawalandira ngati anga, popeza manambala onse anali olondola ndipo katchulidwe kake kanali komveka bwino kuposa kanga. Ulendo wonsewo woongolerayo ankadzilamula ndi kudziyankha yekha, ine ndili phee ngati wongokwera. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi imodzi, choncho m'chipinda chaching'ono amagunda khoma ndi kubwerera mofulumira kwambiri moti khutu la munthu silisiyanitsa oyamba ndi obwerera, koma kwa pulogalamu yozindikira mawu kusakanikirana kumeneku kumafufuta mapeto a mawu, makamaka zilembo zofewa zimene zimasiyanitsa nambala ina ndi inzake.

Nkhani ya kubwereza malangizo si yokometsera masewera chabe. Pa ndege zenizeni woyendetsa amayenera kubwereza kutalika kumene wapatsidwa, kolowera, njira yoterapo ndi nambala ya transponder (kachipangizo kodziwitsa a pansanja kuti ndegeyo ndi iti), kuti wa pansanja adziwe kuti uthenga wafika monga anaunenera. Wailesi zawo zimagwira pakati pa 118 ndi 137 MHz, ndipo pa tchanelo chimodzi amalankhula munthu mmodzi pa nthawi imodzi. Awiri akadina pamodzi batani lolankhulira pa wailesi, omvera amangolandira kulira kosokosa. Zimenezi zinachitika pa 27 March 1977 pa bwalo la Los Rodeos ku Tenerife, pamene ndege ziwiri za Boeing 747, ina ya KLM ndi ina ya Pan Am, zinawombana mu nkhungu n'kupha anthu 583. Pa mphindi yofunika kwambiri, mawu a wa pansanja ndi a oyendetsa ndege ya Pan Am anatuluka nthawi imodzi n'kuphimbana, ndipo chenjezo loti ndege ya KLM isanyamuke kaye silinamveke bwino m'ndegeyo. Ndikutchula zimenezi kuti muone kuti batani lolankhulira ndiye mwambo weniweni wa ntchitoyi. Munthu amene wawononga ndalama pa chiwongolero, pa zopondera ndi pa ndege zojambulidwa mpaka kamsomali kalikonse, kenaka n'kusiya maikolofoni yotsegula pafupi ndi masipika, wasiya kunja chinthu chimene woyendetsa ndege aliyense amaphunzira m'masiku ake oyamba. Pa mfundo iyi sindigonja: maikolofoni yomva nthawi zonse ilibe malo pa wailesi ya ndege, kaya yeniyeni kaya ya pa kompyuta.

Komabe si kudzimva kulikonse kumene kuli vuto. Mahedifoni a oyendetsa ndege amabweza dala mawu a wolankhula m'makutu mwake, chimene amachitcha sidetone, kuti munthu asakuwe poganiza kuti sakumveka, ndiponso kuti adziwe kuti wailesi ikutumizadi. Mahedifoni ambiri a masewera nawonso ali nacho chimenechi. Kusiyana kwake kuli pa nthawi. Sidetone imafika pomwepo, pamodzi ndi mawu otuluka m'kamwa, pamene mawu amene adutsa m'kompyuta n'kubwerera amachedwa, ndipo akachedwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, ngakhale munthu wolankhula bwino amayamba kuchita chibwibwi ndi kukoka mawu. Inu mwanena kuti anu akubwerera mochedwa, ndipo zimenezi zikundiuza kuti pali njira ina m'kati mwa Windows kapena m'pulogalamu ina imene ikutenga zolowa m'maikolofoni n'kuzitumiza kotulukira mawu. Mavuto anu ndi awiri osiyana, ngakhale munawalemba ngati limodzi: loyamba ndi la mawu anu opita kumakutu anu, lachiwiri ndi la mawu a woongolera opita kumaikolofoni yanu. Akakumana onse awiri pamakhala zimene timaziona pa ukwati, wolengeza akayandikira sipika atagwira maikolofoni, mawu n'kumazungulira mpaka kusanduka mluzu.

Malangizo amene amandikwiyitsa ndi aja akuti ikani pulogalamu yochotsa phokoso ndipo zonse zitha. Pulogalamu yochotsa phokoso inapangidwa kuti isunge mawu a munthu ndi kutaya zina zonse, monga kulira kwa fani, kwa injini kapena kwa mvula padenga. Mawu a woongolera nawonso ndi mawu a munthu, choncho idzawasunga mosamala, kuwayeretsa, n'kuwapereka kwa pulogalamu yozindikira mawu ali omveka bwino kuposa kale. Chimene chimachotsadi mawu obwerera ndi luso lina, lotchedwa acoustic echo cancellation, limene limatenga zimene zikupita kumasipika n'kuzichotsera pa zimene maikolofoni yamva. Luso limeneli limafuna kudziwa bwino lomwe mawu amene atuluka ndi nthawi imene atulukira, ndipo munthu akadutsitsa mawu m'mapulogalamu osakaniza monga VoiceMeeter popanda kutsata njira iliyonse, kapena akatumiza injini kumasipika ndi wailesi kumahedifoni, kuchotserako sikugwirizananso ndi zenizeni. Kuunjika zosefera pamwamba pa zinzake kumawonjezera kuchedwa, ndiponso kumadula chiyambi ndi mapeto a mawu. Oyendetsa ndege anazindikira kalekale kuti manambala amasokonekera pa wailesi, n'chifukwa chake 9 amamutchula "niner", 5 "fife" ndi 3 "tree". Sefa imene ikudya mapeto a mawu ikuwononga chinthu chomwecho chimene katchulidwe kameneka kanabwera kudzateteza.

Palinso nkhani ya lilime lathu, imene ena amaisokoneza ndi mawu obwerera aja. Mapulogalamu omvera mawu a woyendetsa monga Pilot2ATC ndi VoiceAttack akhala akudalira makina ozindikira mawu a Windows, amene anaphunzitsidwa kwambiri ndi Chingerezi cha ku America ndi ku Britain, pamene ife ambiri sitilekanitsa kwenikweni l ndi r, ndipo pa wailesi ya ndege "left" ndi "right" zimabwera pafupifupi pa lamulo lililonse lokhota. Pulogalamu ikalephera pamenepa, vuto si la chipinda kapena la waya. Mankhwala ake ndi kuphunzitsa kompyuta mawu anu powerenga ziganizo zimene imakupatsani, koma muchite zimenezi mawu obwerera atatha, chifukwa ikaphunzira mawu anu osakanikirana ndi a khoma idzasunga chithunzi cholakwika cha kalankhulidwe kanu.

Zoti muchite

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani mmsys.cpl, tsegulani Recording, sankhani maikolofoni yanu, pitani pa Properties kenaka pa Listen, ndipo ngati "Listen to this device" ili yochongedwa, chotsani chongacho. Kawirikawiri kudzimva mochedwa kumathera pomwepa. Pa mndandanda womwewo zimitsani Stereo Mix, chifukwa imeneyo imajambula chilichonse chotuluka m'kompyuta, ndipo pulogalamu ikaisankha ngati maikolofoni idzamva woongolera ngakhale chipinda chili zii. Zimitsaninso maikolofoni ya kamera ndi ya laputopu, ikani ya mahedifoni kukhala Default Device komanso Default Communication Device, ndipo m'pulogalamu ya woongolerayo muisankhe ndi dzina lake. Pa Levels tsitsani Microphone Boost ngati ilipo, n'kusendeza maikolofoni pafupi ndi ngodya ya pakamwa. Onaninso kuti Discord (pulogalamu yochezera) kapena OBS (yojambulira kanema) sizikubweza mawu anu poyesa kapena pomvetsera maikolofoni. Kenaka tumizani mawu a wailesi kumahedifoni okha, ndipo ikani batani lolankhulira pa chiwongolero.

Mukatero yesani motere: ndege ikulira ndipo woongolera akulankhula, jambulani ndi Sound Recorder kwa kanthawi inu muli chete, kenaka mvetserani. Mukamva woongolera m'zojambulazo, mawu akudonthabe penapake. Tsitsani voliyumu ya mahedifoni, ndipo ngati akumvekabe ngakhale mutatseka maikolofoni ndi chala, ndiye kuti akudutsa m'waya, zimene zimachitika pa mapulagi a 3.5 mm pamene maikolofoni ndi zomvera zikugawana waya umodzi wobwerera. Apo pokha ndi pamene ndingakuuzeni kuti mugule kanthu, ndipo kanthuko ndi kachipangizo kotsika mtengo ka USB kolumikizira mahedifoni. Mahedifoni a Bluetooth apeweni pa ntchito imeneyi, chifukwa maikolofoni yake ikangotseguka amasinthira ku mawu a mtundu wa telefoni, a 8 kapena 16 kHz, ndipo amawonjezera kuchedwa kumene mukufuna kuthana nako.